Nkhope Kuseri kwa Nyuzipepala

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Mumsewu wonse, kuyambira kwa wometa mpaka kwa wowotcherera zitsulo kumapeto uko, ankadziwika kuti a Musagwedezeke, poti ndiwo mawu amene anakalamba nawo pakamwa. Ukalowa mu situdiyo yawo ankakukhazika pa kampando kopanda choyedzamira, kukukweza chibwano ndi chala chimodzi, kukuwongola kolala ngati ndiwe mwana wawo, n'kubwerera kuseri kwa kamera. Pamenepo iwe ngati munthu watha. Chotsala ndi nsidze zako, kuti kaya zikuwerengeka kapena ayi. Kenaka mawu aja: "Musagwedezeke!" Khanda, mkwatibwi, wapolisi, onse lamulo limodzi. Amati tsiku lina anauza galu wa mwini sitolo, galuyo n'kumvera.

Anali munthu wa chinthu chimodzi. Amuna ena amatha ndi mowa, ena mpira, ena masiketi. Awa anatha ndi kuthwa kwa chithunzi. Ndi mmene ankanenera, kuthwa, ngati akukamba za mpeni. Chithunzi chakuthwa ndi chija ulusi wa batani umaoneka, tsitsi lililonse lili palokhapalokha. Chachimbuuzi, kaya mwiniwake wamwetulira mokoma bwanji, malo ake anali m'bini. M'thumba la malaya munkagona kagalasi kokulitsira zinthu, kozungulira ngati chitsekero cha botolo, ndipo chithunzi chilichonse ankachipatsa moni ndi kagalasiko, mphuno ili pa pepala. Ukawaonetsa cha ukwati wako usayembekezere kumva kuti munatchena. Ankangoti, "Anakujambulani ndani? Khutu lakumanzereli analitaya." Ndipo sankakondera. Cha ukwati wawo womwe, chimene anajambula mnzawo wina, anaching'amba sabata isanathe. Akuti zinali zochititsa manyazi kuti munthu wa ntchito imeneyi akhale nacho pakhoma.

Kumbuyo kwa kampando kaja kunali nsalu yaikulu yojambulidwa khonde la nyumba yosanja, nyumba imene theka la tauni linaimapo pakhonde koma palibe analowamo. Kuseri kwa nsaluyo kunali makina osokera, ndipo pa makinapo panali akazi awo. Amayiwa anali telala wa madiresi, munthu wa pakamwa pofulumira ndi thupi losadziwa kukhala pansi. Ndiwo ankabwereketsa jekete kwa anthu obwera kudzajambulitsa cha pasipoti atavala sikipa, ndiwo ankaseketsa makanda kuseri kwa phewa la amuna awo, ndiwonso ankapepesa makasitomala amene auzidwa kuti mphuno yawo imanyezimira. Akuluakulu amati wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Iwo anakwatiwa ndi mwini weniweni wa fulashi, mphezi ya kamera, ndipo sanadandaule.

Anali ndi ntchito inanso: kugwira nyuzipepala. A Musagwedezeke akagula lenzi ina, galasi lija la kutsogolo kwa kamera, kapena kamera ikabwera kokonzedwa, kapena akapeza filimu ya mtundu wachilendo, sankaiyesera pa kasitomala. Ankaitana, "Mayi, tabwerani kuno pang'ono." Amayi ankaimitsa makina, tepi ili m'khosi, n'kukhala pa kampando. Ankatambasula nyuzi patsogolo pawo, mikono atawongola, nkhope ikusuzumira pamwamba. Timalemba tating'onoting'ono ta pansi tija, totsatsa malonda, ndito tinali muyeso. Tikawerengeka pa negetivu, ndiye kuti pa filimu yotsukidwa, lenziyo yakhoza.

"Musagwedezeke."

"Diresi ya eni ake ikudikira, bambo."

"Mwagwedezeka. Tibwereze."

"Nanga ndi kupuma komwe ndileke?"

Zinayenda choncho kuyambira amayi ali ndi pakati pa mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, mpaka imvi zitatuluka. Manegetivu ake ankasungidwa m'zitini za mabisiketi pamwamba pa kabati, osasindikizidwa, poti zoyesera sawonongerapo pepala. Ndipo bambowo ankakonda kudzitama kwa wometa uja kuti m'tauni yonse munalibe mkazi wojambulidwa kuposa wawo.

Kenaka kunabwera makamera a dijito, aja opanda filimu, ndipo anthu anayamba kudzijambula okha ngati amisala. Makasitomala anachepa. Sitolo yogulitsa mankhwala otsukira zithunzi inayamba kugulitsa mafoni, ndipo chipinda chawo chamdima chotsukiramo zithunzi chinasanduka chosungiramo mipando yothyoka. A Musagwedezeke sanagonje. Anati ndi fashoni chabe, idzatha ngati nsapato zazitali zija.

Tsoka lake, mdani analowa m'nyumba kudzera pakhomo la ukwati. Mwana wawo uja anakwatiwa ndi wokonza mafiriji, munthu wosekaseka, waulemu, wopanda chilema china kupatula kakamera kasiliva kamene sikankachoka m'thumba lake. Kanali kakang'ono ngati sopo wosambira, ndipo apongozi ake anakatcha kasopo tsiku lomwe anakaona. Lamlungu lililonse, mbale zikangochoka pa tebulo, mlandu unkayamba.

"Mkamwini, kasopo kanuko akuti kali ndi timadontho tingati?"

"Akuti mamiliyoni, bambo."

"Filimu ilibe chiwerengero. Mchenga wa kumtsinje munauwerengapo?"

Mkamwini ankangoseka n'kumajambula mphaka, mbale, mapazi ake omwe, ngakhale apongozi ake ali pakati pa chiganizo. Sanauzepo munthu kuti asagwedezeke. Kwa a Musagwedezeke kumeneku sikunali kujambula, kunali kuba.

M'mawa wina makina osokera anasiya kulira pakati pa msoko. Bambowo anadikira kuti ayambirenso, poti phokoso limenelo linali ngati wotchi yawo. Zii. Atasuzumira kuseri kwa nsalu anapeza amayi atagwera pa diresi ya eni ake. Madokotala anati ndi sitiroko.

Anabwerako kuchipatala mbali yakumanzere itafa: dzanja lili lende, mwendo wokoka, pakamwa patakhotera pansi, chikope chitagwa. Mawu ankatuluka amodziamodzi, olemera, ngati munthu amene ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Koma nzeru zinali zonse, ndipo lilime, ngakhale linkachedwa panjira, linkafikabe pamene lalinga. Tsiku loyamba lomwe anauza mwana wawo kuti atembenuze kalilole ayang'ane kukhoma.

"Amati ukaipa nkhope dziwa nyimbo," anatero. "Ine ndi nyimbo yomwe yakana."

Tisawanamizire a Musagwedezeke, akazi awo anawasamala. Anatseka situdiyo. Mankhwala sanaphonye, mapilo ankawongola mpaka ngodya zonse zilingane, ndipo powadyetsa sipuni inkafika pakamwa osatayikira dontho. Koma maso awo ankakhala pa sipunipo. Akachoka pa sipuni ankapita pa bulangeti, pa botolo la mankhwala, pa ntchentche ya pazenera. Nkhope ya akazi awo ankaizungulira ngati chithaphwi cha pamsewu. Ankachita mantha, ndipo ankaganiza kuti palibe akuona.

Chimene chinawawa kwambiri chinachitika Lamlungu lina. Mdzukulu wawo, kamtsikana kongoyamba kuyenda, amake analowa naye m'chipinda kuti akaone agogo ake. Amayi anayesa kumwetulira. Mwana kungoona pakamwa paja, analira chokweza n'kubisala m'siketi ya amake. Onse ananamizira kuti ndi tulo.

Alendo ali pabalaza, amayi anaitana amuna awo.

"Bambo, ndikufuna nkhope yanga."

"Mukuti chiyani, mayi?"

"Chithunzi. Chachikulu. Cha mmene ndinalili. Muchipachike apo, moyang'anana ndi bedi. Mwanayu adziwe kuti agogo ake sanabadwe chonchi." Anapuma, n'kumeza malovu movutikira. "Ndi ine ndemwe ndayamba kuiwala."

A Musagwedezeke mtima unakhala m'malo koyamba chigwereni matendawa. Ichi ndiye chinali chinthu chimene akanatha kuchita! "Zomwezo basi? Mayi, ndili nazo zitini zodzaza."

Zikanathera pomwepo mkamwini akanakhala wogontha. Koma anamva ali pakhomo, ndipo mwa ubwino wa mtima wake anati, "Inenso ndili nacho china chabwino cha amayi, cha chaka chatha chija."

Apongozi ake anatembenuka pang'onopang'ono. Maso anawala ngati a mphaka woona mbewa. "Cha m'kasopo? Chabwino. Tikakulitse zonse ziwiri. Pepala limodzi, kukula kumodzi, makina amodzi. Tiziike pamodzi, nkhani imeneyi ithe."

Taonani munthu! Mkazi wapempha nkhope yake, iwo amva kulira kwa wezulo ya mpikisano.

Mawa lake anatsitsa zitini zija, kupukuta fumbi, n'kukhala pazenera. Negetivu iliyonse ankaikweza kudzuwa, kagalasi kali padiso. Pa filimu nkhope ya munthu imakhala ngati kanyemba, yakuda pamene payenera kuyera, ndipo iwo sanataye nayo nthawi. Diso linathamangira kumene linazolowera, ku timalemba ta pansi pa nyuzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anadekhadi mpaka anapeza imodzi imene malemba ake anali akuthwa kuposa onse. Anaikumbukira bwino lenzi yake, yachitsulo, yolemera. Amayi anavala chiyani tsiku limenelo, sanakumbukire.

Panali chopinga chimodzi chowawa. Popeza mankhwala otsukira anasowa, filimuyo inayenera kudutsa pa sikana, makina aja amawerenga negetivu n'kuilowetsa m'kompyuta. A Musagwedezeke anafotokozera mkamwini wawo njira yonse kuti zimenezi sizisintha kanthu. "Sikana ndi wilibala chabe. Imanyamula, siumba njerwa."

Malo osindikizira anali pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya mankhwala, kachipinda kozizira konunkha inki. Mwiniwake anali mayi wonenepa wa magalasi a tcheni, wotafuna chingamu, amene anaona makasitomala a mitundu yonse ndipo anasiya kudabwa kalekale. Anatenga negetivu ija ndi nsonga za zala, kuipemerera fumbi, n'kuilowetsa m'makina. Anatenganso kadi yosungira zithunzi ya m'kasopo. Makina analira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

"Musationetse chonse," anatero a Musagwedezeke. "Chonse n'cha ana. Kulitsani pakona apa, pansi, mpaka pamene makina anu athere."

Mayi uja anakulitsa. Pa sikirini panadzaza malemba, akuda bii, m'mbali mwake mowongoka, atakhala pa timchenga tosalala ta filimu. Bambowo anawerenga mokweza ngati mlaliki: "Tikugulitsa bedi la anthu awiri ndi matiresi ake omwe, logonedwapo pang'ono. Mwamva, mkamwini? Logonedwapo pang'ono! Malemba amenewa pa nyuzipo ndi ochepa kuposa nyerere. Tsopano tione chanu."

Anakulitsa cha mkamwini chimodzimodzi, ndipo kalanga ine! Chinasweka timabokosi, tofiirira, tachikasu, tina tobiriwira, tosanjikizana ngati matailosi a kubafa. Mkamwini anakanda mutu. Anaulula kuti anaika kakamera kake pa kukula kochepetsetsa, kuti kadi isamadzaze msanga.

"Ha! Apongozi anu mwawamanga ndi njerwa?" A Musagwedezeke anaseka mpaka kutsokomola. Chiyambireni matenda sanaseke choncho. "Sindikizani zonse, mayi. Zazikulu."

Mayi wa magalasi anabweza chithunzi cha filimu chija kuti chioneke chonse, n'kuleka kutafuna. "Bambo, mwatsimikiza kuti ndi chimenechi?"

"Mwana wanga, ndinayamba kutsuka zithunzi iwe usanamere mano."

Mayiyo anayang'ana mkamwini. Mkamwini anayang'ana sikirini, kenaka nsapato zake. Anaona zimene mayiyo anaona, koma ndi mkamwini uti angatsutse apongozi ake pa ntchito yawo, pamaso pa mlendo? Mapepala anatuluka ofunda. A Musagwedezeke anawerama, kagalasi padiso, mphuno pa pepala, n'kuyenda nawo mzere wa malemba kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Anakhutira. Anapinda okha mapepalawo, ndipo pobwerera anayenda patsogolo ngati munthu wochokera kukalandira mendulo.

Anafika masana, dzuwa likulowa bwino pazenera la kuchipinda. Amayi anawatsamiritsa pa mapilo. Mwana wawo anagwira pepala la filimu kumiyendo kwa bedi, mwamuna wake anagwira lake pambali pake. A Musagwedezeke anaima pakati, msana atalozetsa kwa wodwala, n'kuyamba phunziro. Anafotokoza za timchenga ndi timabokosi, za kuda kwa malo akuda, za mmene pepala lamwera inki. Anawerenganso za bedi la anthu awiri. Anapereka kagalasi kwa mwana wawo kuti adzionere yekha, koma iye manja onse anali pa pepala, ndipo maso ake anali kwa amake.

Amayi anapenyetsetsa pepala la filimu lija.

"Nyuzi yatuluka bwino, bambo," anatero amayi.

"Si ndimanena! Lenzi imene ija..."

"Nanga ine ndili pati?"

"Si apa muli apa?" Analoza ndi chala, osakweza mutu.

"Tabwerani. Khalani pano."

Anabwerera chafutambuyo monyinyirika, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, pamene panali maso a akazi awo. Kunena zoona, aka kanali koyamba m'moyo wawo kuona chithunzi chawo ali patali ngati munthu wamba. Nyuzipepala inali mbee, yakuthwa ngati lumo. Pamwamba pake panali chinthu chotuwa chonga utsi: chipumi chosungunuka, madontho awiri akuda pamene payenera kukhala maso, tsitsi ngati mtambo. Akanakhala munthu aliyense. Akanakhala mlongo wawo, kapena mayi wogulitsa malasha.

Chowawa n'chakuti sanafunike kufunsa chifukwa. Anachidziwa nthawi yomweyo, mwaukatswiri. Poyesa lenzi ankaitsegula yonse, ndipo ikatero imagwira pamalo amodzi okha, china chilichonse kumbuyo chimasungunuka. Nyuzi inali patsogolo, kutalika kwa mkono. Nkhope inali kumbuyo. Kamera sinalakwe. Inagwira ndendende chimene mwini wake ankayang'ana.

"Ilipo ina," anatero. "Zilipo zambiri."

Anathamangira zitini zija, kuzikhuthulira pa bulangeti, n'kuyamba kukweza manegetivu kuzenera, ulendo uno kagalasi kali pa kanyemba kaja. Iyi, utsi. Iyi, utsi. Ya amayi ali ndi pakati, ya amayi atameta, ya amayi atavala magalasi oyamba, zonse nyuzi yakuthwa, nkhope yachimbuuzi. Mitengo ya shuga ya zaka zonse inalimo, mayina a matimu amene anatha kalekale analimo. Woumba mbiya amaphikira m'phale, koma awa ndi phale lomwe analibe. Thukuta linali kamukamu, ndipo palibe anawaletsa mpaka chitini chomaliza chinakhala chopanda kanthu.

"Cha ukwati munang'amba," amayi anawakumbutsa, mosakwiya, ngati akunena za nyengo.

Mkamwini mikono inali itatopa, ndipo anayamba kutsitsa pepala lake mwakachetechete kuti alipinde, asawonjezere mchere pachilonda.

"Kwezani, mwananga," anatero amayi.

Analikweza. Kuchokera pabedipo timabokosi tija sitinkaoneka n'komwe. Panali mayi atakhala pa tebulo, mutu ataponya kumbuyo, pakamwa ponse pali poyera ndi kuseka, dzanja lili m'mwamba ngati akukana bodza. Mtundu wake unapsa mopitirira, khungu lofiirira ngati dothi, dzanjalo linachita mizere chifukwa cha kugwedezeka, ndipo m'mbali munalowa theka la khutu la munthu wina. Chilichonse chimene a Musagwedezeke ankatayira chithunzi m'bini chinalipo. Koma anali iwo, akazi awo enieni, moti ukanamva ndi kuseka komwe.

"Ankaseka chiyani pamenepa?" anafunsa motsitsa.

Mkamwini anayang'ana mkazi wake kupempha chithandizo, koma sichinabwere. "Khutulo ndi lanu, bambo. Munkafotokoza kuti kasopo sikangajambule munthu."

Mwana wawo analephera kudzigwira, anaseka misozi ikutsika. Amayinso anaseka ndi theka la pakamwa limene linatsala, phewa limodzi likugwedera. A Musagwedezeke okha ndiwo sanaseke, kagalasi kali m'manja.

"Chimenecho mupachike apo," anatero amayi. Bambowo anadzuka kuti atenge lawo lija akalitaye, poti lamulo ndi lamulo, koma amayi anawaimitsa. "Bweretsani kuno kaye."

Analiyandikitsa. Amayi sanayang'ane utsi uja, kapena bedi la anthu awiri. Anayang'ana m'mbali mwa nyuzi, pamene zala zinagwira pepala. Zalazo zinali pamzere umodzi ndi malemba, ndipo zinatuluka zakuthwa ngati malembawo: chala chachikulu chobooledwabooledwa ndi singano, chikhadabo chothyoka pakona, mphete, ndi kaulusi koyera kokakamira pa dzanja lamanzere. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana dzanja lomwelo lili gone pa bulangeti.

"Manja okha munawapeza," anatero. "Musataye. Awa ankasoka."

A Musagwedezeke anaweramitsa mutu. Anayamba kutolera manegetivu, kuwalinganiza m'mbali mosamala, maso ali pa bulangeti.

"Bambo."

"Mayi."

"Chibwerereni kuchipatala simunandiyang'ane. Ndimati n'chifukwa cha nkhope yokhotayi, ndipo ndimakumverani chisoni." Mawu ankabwera pang'onopang'ono, ndipo palibe akanawathandiza kufulumira. "Lero ndaona kuti simunayambe lero."

Mwana wawo anafuna kulowererapo. "Amayi, abambo atopa, mwina..."

"Iwe khala chete. Bambo, mwayesera malenzi pa ine moyo wonse. Lero mujambule ine."

"Mukachira, mayi. Mukangopeza bwino tidzatsegula situdiyo, ndidzayatsa magetsi onse..."

"Lero. Ndi nkhope imene ilipoyi."

Anadzuka msangamsanga, poti munthu wopatsidwa chochita amapepukidwa. Anati ali ndi filimu imodzi yomaliza, yabwino kwambiri, imene anaisunga m'firiji kuseri kwa botolo la madzi. Anali atafika kale pakhomo pamene amayi anafunsa kuti ikatsukidwa kuti. Anayankha kuti pamafunika kuitumiza kumzinda waukulu, ndipo imabwera pakapita masabata angapo, kenaka sikana, kenaka pepala.

"Ine masabata obwereketsa ndilibe," anatero amayi. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tengani kasopo."

Mkamwini anatulutsa kakamera kaja, n'kukadinadina mwamsanga kuti akaike pa kukula kwake konse, poti iyenso phunziro lake anali atalandira. Anakapereka ndi manja awiri, osayang'ana apongozi ake m'maso. A Musagwedezeke anakalandira ngati akulandira chule. Kanali kopepuka mochititsa manyazi. Anafunafuna poika diso, osapapeza, mpaka mwana wawo anawaonetsa kuti amayang'ana pa kasikirini kakumbuyo, atakatalikitsa.

"Nanga pothwetsera ndi pati?"

"Kamadzipezera kokha, bambo. Inu mungoloza."

Analoza. Pa kasikirinipo panaoneka pilo, khoma, botolo la mankhwala. Kenaka kabokosi kobiriwira kanatulukira kokha, kanadumpha kamodzi, n'kukhazikika pankhope ya amayi. Sikanapite pa malemba a pa botolo, sikanapite pa maluwa a bulangeti. Kachitsulo kopanda nzeru, kogulidwa pa sitolo ya mawailesi, kanapeza m'kuphethira kwa diso chimene iwo anachiphonya ukwati wonse.

Ndipo poti kabokosiko kanali pamenepo, nawonso anayang'ana pamenepo. Anaona chikope chakugwa, pakamwa pokhota, kamtsinje ka malovu kamene amayi sankakamva. Anaona imvi za m'mbali mwa khutu, ndi kachipsera ka pachibwano kamene sakanatha kunena kuti kanabwera liti. Anaona diso lamanja, lamoyo, lonyowa, likuwayang'ana mosaphethira, mwina mmene linkawayang'anira pamwamba pa nyuzi zaka zonse zija, kudikira kuti tsiku lina akweze maso. Chisoni chinawagwira, ndi manyazi, ndi chikondi chimene chinafika mochedwa ngati basi ya kumudzi. Kasopo kanayamba kuvina m'manja mwawo. Anakanikiza zigongono m'nthiti monga ankaphunzitsira ena, anagwira mpweya, koma manja anakana, ndipo sikirini inasungunuka ndi misozi.

Chizolowezi chinafika pamilomo. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu awo aja, n'kuwameza.

"Ine ndiye sindigwedezekanso, bambo," anatero amayi, theka la pakamwa likukwera. "Inuyo. Musagwedezeke."

Anayesa. Mulungu ndi mboni, anayesa.

Zithunzi zitatu zili pakhomapo, moyang'anana ndi bedi limene a Musagwedezeke amagonapo okha chimwalirireni amayi: cha kuseka, cha manja, ndi chaching'ono pakati. Mdzukulu uja amaloza chapakaticho n'kunena kuti agogo. N'chachimbuuzi, aliyense angaone, nsidze siziwerengeka n'komwe. Wometa atabwera kudzapepesa anachiyang'anitsitsa, ndipo pofuna kuseketsa mnzake anafunsa ndi mawu a eni ake, "Anawajambula ndani? Ameneyu ndiye anagwedezeka."

A Musagwedezeke sanagwire m'thumba la malaya.

"Ndine," anayankha.